Tsitsi Likayamba Kuthawa Pachipumi: Funsani Adokotala a Khungu

Mwezi uno makalata ambiri amene mwanditumizira ndi okhudza tsitsi, ndiye ndawaika pamodzi. Ena ndawafupikitsa, ndipo mayina enieni ndawabisa monga mwa masiku onse.

FUNSO: Adokotala, ndine mtsikana wa zaka 27, ndimagwira ntchito musitolo ina yogulitsa mafoni ku Limbe. Chilembereni mayeso a Fomu 4 sindinametenso. Ndimawotcha tsitsi ndi mankhwala kenako n'kuluka meshi, ndikamasula ndimasoketsa wivi. Panopa tsitsi lakutsogolo latha, makamaka m'mbalimu pamwamba pa makutu, moti chipumi chikungokula. Chondidabwitsa n'chakuti kutsogolo kwenikweni kwatsala kamzere ka titsitsi tating'onoting'ono, koma kumbuyo kwa kamzereko kulibe kanthu. Ndayesa mafuta a nsatsi, madzi a anyezi ndi mafuta ena amene ndinagula pa Facebook, koma palibe chimene chikusintha. Azakhali anga akuti ndi za anthu chifukwa ukwati wanga wayandikira, watsala ndi miyezi isanu. Mayi anganso alibe tsitsi kutsogolo. Kodi mwina ndi zakumtundu? Nabanda, Bangwe, Blantyre.

YANKHO: A Nabanda, sindinakuoneni, koma kamzere kamene mwatchulako kandiuza zambiri. Titsitsi timeneto tinapulumuka chifukwa n'tatifupi kwambiri moti zala za wokulukani sizitha kutigwira. Limene lili kumbuyo kwake, limene limagwirika n'kulowa mu meshi, ndilo latha. Kunena kwina, tsitsi lanu latha ndendende m'malo amene limakokedwa. Ife kuchipatala vutoli timalitcha traction alopecia, ndipo ndi limodzi mwa mitundu ya dazi imene imabwera chifukwa chovulaza tsitsi ndi khungu la kumutu, kaya pokoka, powotcha, pokhula kapena pozula.

Azakhali anu muwayankhe mwaulemu, koma muwauze kuti amene akukutherani tsitsiyo sabwera usiku. Zimachitika dzuwa likuswa mtengo, inu mutakhala pampando, ndipo pomaliza mumalipira n'kuthokoza. Za mayi anunso sindikuthamangira kunena kuti ndi magazi. Afunseni kuti paunamwali wawo ankamanga bwanji tsitsi. Nthawi zambiri chimene mwana wamkazi amatengera kwa mayi ake pankhaniyi ndi kamangidwe ka tsitsi, kaya ndi ulusi uja ankamangira amayi athu mpaka maso kuoneka ngati akokedwera m'mwamba, kaya ndi meshi ya masiku ano.

Vutoli si la anthu akuda okha. Dokotala amene anayamba kulilemba m'mabuku, mu 1907, anali wa ku Austria, dzina lake Trebitsch, ndipo analiona pa amayi a ku Greenland, dziko la madzi oundana, amene ankamanga tsitsi lawo mokoka kwambiri pamwamba pa mutu. Amalipezanso pa atsikana ovina ballet ndi pa amuna achipembedzo cha Sikh amene amamanga tsitsi mfundo pansi pa nduwira. Kungoti kuno kwathu ndi lofala kwambiri. Pulofesa Nonhlanhla Khumalo wa ku University of Cape Town anafufuza anthu a ku Langa, dera lina la mumzinda wa Cape Town ku South Africa, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2007: mwa amayi akuluakulu, 31.7 peresenti anali ndi vutoli, ndipo mwa atsikana apasukulu, 17.1 peresenti. Ndiye kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu alionse. Mukakwera minibasi ya ku Limbe mawa, tangoyang'anani m'mbali mwa mawigi ndi maduku, muwerenge nokha.

Ndimaganiza kawirikawiri kuti lamulo lometa la m'sukulu zathu zaboma, limene atsikana ambiri amadana nalo, limawasungira tsitsi kwa zaka zambiri osadziwa. Amene ndimawaona kuchipatala ambiri nkhani yawo ndi yofanana ndi yanu: anamaliza Fomu 4 ali ndi tsitsi lodzaza mpaka pachipumi, kenako anafuna kubweza zaka zonse zometa zija nthawi imodzi.

Zimene zimachitika pansi pa khungu ndi izi. Tsitsi lililonse limamera kuchokera m'kathumba kakang'ono kamene kali m'khungu, ndipo pamutu pa munthu pamakhala timatumba totere pafupifupi 100,000. Tsitsi limodzi limakula kwa zaka ziwiri mpaka zisanu ndi chimodzi, limapuma pafupifupi miyezi itatu, limagwa, kenako kathumba komweko kamatulutsa lina. Mukalikoka, kathumbako kamatupa. Kutupako ndi kumene mumamva ngati kuwawa usiku woyamba mutaluka, pamene mumagona chafufumimba mutamwa Panado. Tiziphuphu timene timatuluka m'mphepete mwa meshi, ndi tizinthu toyera timene timakanirira patsitsi mpaka ena kumayesa mazira a nsabwe, zonsezo ndi zizindikiro za kukokedwa komweko. Zili ngati mbande ya tomato kudimba: mukaigwedeza kamodzi imafota n'kutsitsimukanso, koma mukamaigwedeza tsiku ndi tsiku mizu imaduka. Kathumba kakavulala mobwerezabwereza kwa zaka, kamafa, ndipo pamalopo pamabwera chipsera. Pachipsera sipamera tsitsi, ngakhale mutagula mafuta okwera mtengo bwanji.

Pamene mwalimbitsira vutoli ndi pophatikiza mankhwala owongola tsitsi ndi meshi. Kafukufuku wa ku Langa uja anapeza kuti amene amaluka pa tsitsi lowotcha ndi mankhwala ndiwo ali pachiopsezo chachikulu kuposa onse. Mankhwala ambiri owongola tsitsi amakhala ndi sodium hydroxide, amene ndi kositiki soda yemwe uja amapangira sopo. Amene pabokosi analemba kuti no-lye nawonso ndi aukali, angosintha mtundu wa mankhwala. Kuti tsitsi lopota liwongoke, mankhwalawa amadula timfundo timene timalilimbitsa mkati mwake. Ndiye tsitsi lofooka kalelo mukulisenzetsanso meshi yofika m'chiuno kwa miyezi iwiri.

Funso lalikulu tsopano ndi lakuti timatumba tanu tafa kapena tangokomoka. Tulukani panja masana, wina akujambuleni pafupi ndi foni m'mbali zonse ziwiri, kenako muchikulitse chithunzicho. Ngati mukuona timabowo ting'onoting'ono pakhungu ndi titsitsi tofewa tikusuzumira, chiyembekezo chilipo. Ngati khungu lasalala, likunyezimira, popanda kabowo n'kamodzi komwe, pamenepo pachita chipsera. Anthu ambiri amakhala ndi zonse ziwiri, pena pamoyo pena pakufa, ndipo ntchito yathu ndi kupulumutsa pamoyopo. Chithunzicho muchisunge, mudzajambulenso pakatha miyezi itatu, chifukwa pagalasi la tsiku ndi tsiku simungaone kusintha.

Masulani zimene zili kumutuko sabata ino, musadikire kuti ndalama zimene munalipira zithe kaye ntchito. Kwa miyezi isanu imeneyi musaluke meshi, musasoketse wivi, musaike mankhwala owongola, ndipo musamange tsitsi kumbuyo mokoka. Ndikanakhala inu ndikanadula gawo lonse lowotchalo n'kuyambiranso lachilengedwe, koma ndikudziwa kuti kwa mkwatibwi mawu amenewa ndi owawa. Mankhwala opaka amene ali ndi umboni woti amathandiza tsitsi kumera ndi minoxidil, amene amapezeka m'mafamase ena a m'tauni, wa 2 peresenti kapena wa 5 peresenti. Amafuna kupirira: milungu yoyambirira tsitsi limatha kuthothoka mowonjezera, ndipo kusintha kumayamba kuoneka pakatha miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi. Akamayenderera kumaso amameretsa tsitsi m'masaya, choncho muzisamba m'manja mukapaka. Chofunika kwambiri kwa inu amene mukulowa m'banja: mayi woyembekezera kapena woyamwitsa sagwiritsa ntchito minoxidil. Ngati mukufuna mwana msanga ukwati ukachitika, mukambirane kaye ndi dokotala musanayambe.

Mafuta a nsatsi amafewetsa tsitsi, ndipo sindikuletsani, koma sadzutsa kathumba kakufa. Anyezi ndi adyo zisiyeni kukhitchini. Ndaonapo amayi amene anamanga adyo wosinja m'mbali mwa mutu usiku wonse n'kudzuka ndi matuza, ndipo bala la moto wa adyolo linawonjezera chipsera pamalo amene tikanatha kupulumutsa. Mafuta opanda dzina la fakitale ndi mndandanda wa zimene zili mkati musapake n'komwe.

Ngati pali tiziphuphu, mafinya kapena kuwawa, pitani kuchipatala chakwanuko akulembereni kalata yopita ku kiliniki ya khungu ku Queen Elizabeth, ku Gulupu kuja. Kumeneko angakupatseni mankhwala opaka oletsa kutupa kapena mapiritsi monga doxycycline. Tsiku la ukwati mutha kuvala wigi, bola ikhale yopanda guluu, ndipo pansi pake pakhale tsitsi lalifupi kapena mizere ikuluikulu yolukidwa momasuka. Tizipeso ndi timapini ta mkati mwa wigi tisagwire m'mbali modwalamo. Mukafika kunyumba ivuleni. Ndipo bamboyo muonetseni mutu wanu panopa, asadzaudziwire ku hanimuni.

FUNSO: Adokotala, ine ndili ndi saluni ku Mchesi ndipo ndakhala ndikuluka anthu kwa zaka zambiri. Inu madokotala mumangoti ife ndi amene tikutha anthu tsitsi. Koma makasitomala enieniwo ndi amene amati "mukoke, ndikufuna ikhalitse." Ukaluka momasuka amakanena kwa anzawo kuti sudziwa ntchito, mawa lake amapita kwa wina. Nanga ife tidye chiyani? Mayi Phiri, Lilongwe.

YANKHO: Mayi Phiri, mwanena zoona, ndipo sindikukuimbani mlandu nokha. Meshi yakwera mtengo, ndipo mayi amene wasunga ndalama mwezi wathunthu amafuna imutumikire mpaka ithe mphamvu. Koma inu muli ndi mwayi umene ine ndilibe. Mutu wa mayiyo mumauona miyezi iwiri iliyonse, muli pamwamba pake, pamene ine amandipeza patatha zaka khumi zinthu zitaonongeka kale. Mukaona m'mbali mukupyapyala, inu ndi woyamba kudziwa.

Kukhalitsa kwa meshi sikudalira kukoka pamuzu. Amene amaluka bwino amadziwa kuti chala chikhoza kugwira mwamphamvu m'katikati mwa chingwe koma pamuzu n'kusiya mpata woti chingwecho chizigwedezeka. Kalukidwe kamene amati knotless, koyamba ndi tsitsi la mwini wake n'kumawonjezera meshi pang'onopang'ono, kamachepetsa kulemera pamuzu, ngakhale nako mukakoka kamavulaza. Titsitsi ta m'mphepete mwa chipumi tisiyeni panja, musatisake ndi nsonga ya chipeso. M'mbali ndi kutsogolo gawani zigawo zokulirapo ndipo muikemo meshi yochepa, chifukwa tizingwe tating'onoting'ono kwambiri timapachika katundu wolemera pa tsitsi lowerengeka. Mukaluka mizere yobwerera kumbuyo ulendo uno, ulendo winawo sinthani njira kuti malo okokedwa asakhale amodzimodzi. Kasitomala akamaliza, muuzeni akweze nsidze, aseke, atembenuze khosi. Ngati akumva kukoka, kapena khungu latukuka pamuzu wa chingwe, masulani zingwe zimenezo pompo. Kuthira madzi otentha kapena kupopera mafuta kuti "ifewe" sikuchotsa kukokako.

Pa za mankhwala owongola, pakani pa tsitsi latsopano lokha limene lamera pansi, osabwerezanso pa lowotcha kale, ndipo pakati pa ulendo wina ndi wina pazidutsa milungu 8 mpaka 12. Mayi akati mutu ukuwotcha, tsukani nthawi yomweyo. Mawu aja akuti "pirirani pang'ono agwire" ndiwo amabala nkhanambo zimene ndimaziona ine. Munthu amene mwamuwotcha lero musamuluke lero lomwe, adikire milungu iwiri kapena kuposa. Meshi isapitirire milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, ndipo akamasula apume kaye milungu ingapo. Ana aang'ono musawaike mankhwala owongola ngakhale mayi awo atachonderera, ndipo mwana akamalira pomuluka musamuopseze, akukuuzani zoona.

Za kudya mwafunsazi, ndikuuzeni chimene ndikuona: amayi amene tsitsi lawathera kutsogolo ndi ambiri zedi mumzinda wa Lilongwe, ndipo akufunafuna woluka amene angawagwire mutu mosamala. Mukadziwika kuti kwa Mayi Phiri munthu amagona tulo usiku woyamba, amenewo ndi anu.

FUNSO: Ndikamasula meshi pamatuluka tsitsi lodzaza dzanja. Kodi ndikudwala? Chisomo, Mzuzu.

YANKHO: Mwina ayi, a Chisomo. Munthu aliyense amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku. Likakhala lolukidwa silipeza pogwera, limangokodwa m'zingwemo. Pa milungu isanu ndi umodzi pamakhala masiku 42, ndiye ngakhale titawerengera 50 patsiku, ndi tsitsi loposa 2,000 limene likutuluka nthawi imodzi. Yang'anani pamutu, osati m'dzanja. Ngati palibe pamene payera kapena papyapyala, mtima ukhale m'malo. Musanatsuke, yambani mwalekanitsa tsitsilo ndi zala mutapaka mafuta, kenako chipeso cha mano otalikirana kuyambira kunsonga, kuti lisapotane n'kuduka.

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wamkazi wa zaka 10 wayamba dazi mbali ya kumanja kwa mutu. Sitimuluka, sitinamuikepo mankhwala. Aphunzitsi ake anati ndi zipere, ndiye ndakhala ndikumupaka mankhwala a zipere kwa miyezi iwiri koma palibe chasintha. Pamalopo sipanayere kwenikweni, pali tsitsi lina lalitali lina lalifupi ngati wadula ndi lumo losathwa. Ndikamayalula pogona pake ndimapeza tsitsi pansi pa pilo. Nsidze zakenso zayamba kuchepa. Izi zinayamba bambo ake atamwalira, titasamukira kuno kwa achimwene anga. Nangozo, Kasungu.

YANKHO: Pepani ndi maliro a bambo a kunyumba, mayi. Pa ana pali zinthu zitatu zimene timaziganizira tikaona dazi la malo amodzi, ndipo ndi bwino muzidziwe kusiyana kwake.

Zipere za kumutu ndizo zofala kwambiri pa ana asukulu. Pamalopo pamakhala mfundu kapena nkhanambo zotuwa, pamayabwa, tsitsi limaduka pafupi ndi khungu, ndipo nthawi zambiri kukhosi kumbuyo kumatuluka mwanabere. Apa pali chinthu chimene makolo ambiri sauzidwa: zipere za kumutu sizitha ndi mankhwala opaka okha, chifukwa tizilombo take timalowa mkati mwa tsitsi momwe kirimu safika. Pamafunika mapiritsi, kawirikawiri griseofulvin, kwa milungu 6 mpaka 8, ndipo amagwira bwino ntchito mwana akamwera chakudya cha mafuta monga phala la nsinjiro kapena mkaka. Choncho kulephera kwa mankhwala opaka pakokha sikutsimikizira kuti si zipere. Zipere zina zimatupa n'kumatuluka mafinya ngati chithupsa. Zimenezo musalole wina kuzing'amba, thamangirani kuchipatala chifukwa zikachedwa zimasiya chipsera.

Chachiwiri ndi dazi lozungulira bwinobwino, losalala, lopanda mfundu, limene limangotulukira mwadzidzidzi mpaka anthu kumati mwana wametedwa ndi afiti. Limenelo ndi alopecia areata, pamene chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi timatumba ta tsitsi. Nthawi zambiri tsitsi limameranso lokha chaka chisanathe.

Koma zimene mwafotokoza inu, tsitsi losiyanasiyana kutalika, khungu labwinobwino, tsitsi pansi pa pilo, nsidze kuchepa, zikundilozera ku chachitatu. Ndikuganiza kuti mwanayu akudzizula yekha tsitsi. Vutoli limatchedwa trichotillomania, ndipo limakonda kuyamba pa msinkhu womwewu, zaka 9 mpaka 13. Ana ambiri amachita osazindikira, akamawerenga, akamaonera TV, kapena tulo tikamabwera. Ngati amalemba ndi dzanja lamanja, n'zosadabwitsa kuti mbali ya kumanja ndiyo yatha. Mukamufunsa akhoza kukana, ndipo sikuti akunama mwadala, ena sadziwa ndipo ena amachita manyazi.

Chonde musamumenye, musamukalipire, ndipo muwauze achimwene anu ndi ana awo kuti asamuseke. Mwanayu wataya bambo, wataya nyumba ndi anzake, ndipo mwina alibe womuuza. Pezani nthawi muli awiriwiri, pochapa kapena posankha nyemba, mumufunse mmene akukhalira kusukulu yatsopanoyo ndi pakhomopo, ngati pali amene akumuvutitsa kapena kumugwira mosayenera. Funso lomalizali ndi lovuta koma lifunseni. Nthawi zimene amakonda kuzula, m'manja mwake muzikhala kanthu, kaya mikanda yotunga, kaya kampira kofinya, ndipo usiku avale kachipewa kofewa. Kumumeta kumathandiza pawiri: zala sizipeza chogwira, ndipo mukaona tsitsi likumera mofanana paliponse mudziwa kuti timatumba tili moyo. Pitani naye ku chipatala cha boma cha Kasungu akamuone ngati si zipere, ndipo mufunse za anamwino kapena alangizi a za maganizo. Chinanso, ana ena amameza tsitsi limene azulalo, ndipo limaunjikana m'mimba mpaka kufunika opaleshoni. Akamadandaula m'mimba, kusanza kapena kuonda, muwauze adokotala za tsitsili, musabise.

FUNSO: Ndinabereka miyezi inayi yapitayo kuno ku Johannesburg komwe ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Panopa tsitsi likungosoloka ndikamapesa, mutu wonse. Anzanga akuti ndi madzi a kuno, ena akuti mwana akuyamwa mphamvu zanga ndimusiyitse bere. Mayi a Tadala.

YANKHO: Mwanayo musamusiyitse bere, alibe mlandu, ndipo madzi a ku Johannesburg nawonso alibe mlandu. Mayi akakhala woyembekezera, mahomoni amagwira tsitsi lambiri kuti lisagwe pa nthawi yake, n'chifukwa chake amayi ambiri amakhala ndi tsitsi lokongola ali ndi pakati. Akabereka mahomoniwo amatsika, tsitsi lonse lija limalowa m'nyengo yopuma nthawi imodzi, ndipo pakatha miyezi iwiri mpaka inayi limagwa nthawi imodzinso. Zimachitikanso munthu akadwala malungo aakulu, taifodi, kapena akachitidwa opaleshoni. Timatumba timakhala tamoyo, ndipo ambiri tsitsi limabwerera mwana asanakwanitse chaka.

Mukapita kusikelo pemphani akuyezeni magazi, chifukwa kuchepa kwa ayironi kumachedwetsa kumerako. Ngati anakupatsani mapiritsi owonjezera magazi, amalizeni. Idyani chiwindi, nyemba, mazira, masamba obiriwira ndi usipa ukapezeka kwa anzathu obwera nawo pa basi, ndipo tiyi musamwere limodzi ndi chakudya chifukwa amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Chaka chikatha zisanasinthe, akuyezeninso chithokomiro. Chimene ndikuopa ine ndi chakuti mukaluke meshi yothina kuti mubise. Tsitsi la mayi wongobereka kumene ndi losalimba pamuzu, ndipo apa ndi pamene vuto lotha lokha limasanduka lokhalitsa. Duku lomanga momasuka likukwanirani miyezi imeneyi.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa zaka 46. Tsitsi langa silinathe kutsogolo koma paliwombo, ndipo dazilo likukula mozungulira chaka ndi chaka. Pamayabwa, nthawi zina pamawawa ndikakhudza. Ndakhala ndikuwotcha tsitsi zaka zoposa 20. Mkulu wanganso ali ndi vuto lomweli. Nasibeko, Zomba.

YANKHO: Aphunzitsi, kalata yanu ndi imene ndikufuna ifike kuchipatala msanga kuposa ena onse a mwezi uno. Dazi loyambira paliwombo n'kumafalikira kunja, loyabwa ndi kuwawa, mwa mayi wachikuda wa msinkhu wanu, limandiganizitsa za matenda otchedwa central centrifugal cicatricial alopecia, amene timawatchula mwachidule kuti CCCA. Amenewa amapha timatumba ta tsitsi n'kusiya chipsera, ndipo amayenda mwakachetechete.

Madokotala a ku America atawalemba koyamba mu 1968 ankati amabwera chifukwa cha chipeso chamoto. Pambuyo pake anawapezanso pa amayi amene sanawotchepo tsitsi chibadwire. Mu 2019 kafukufuku amene munali Pulofesa Ncoza Dlova wa ku University of KwaZulu-Natal, ku Durban, anapeza kuti ena mwa odwalawa ali ndi kusintha pa jini (chimodzi mwa zinthu za m'thupi zimene munthu amatengera kwa makolo) yotchedwa PADI3, imene imathandiza kuumba tsitsi. Ndiye apa, mosiyana ndi zimene ndawauza a Nabanda, nkhani ya kumtundu ili ndi malo ake, ndipo za akulu anuzo sizinangochitika. Mankhwala owongola, moto ndi wivi zimaganiziridwa kuti zimakolezera vuto limene munthu anabadwa nalo kale, choncho zisiyeni.

Cholinga cha chithandizo ndi kuimitsa kufalikirako. Dokotala wa khungu angakupatseni mankhwala amphamvu opaka oletsa kutupa, jakisoni wobaya pakhungu la m'mphepete mwa dazilo, kapena doxycycline kwa miyezi ingapo. Pakati pamene pasalala kale sipadzameranso, ndikuuziranitu kuti musadzataye ndalama kwa ogulitsa mafuta. Musagule nokha mafuta oyeretsa khungu a pamsika poti mwamva kuti muli mankhwala ofanana, chifukwa amapyapyalitsa khungu. Pitani ku Zomba Central Hospital mufunse woona za khungu. Iye adzaonanso ngati si lupus, matenda amene chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi thupi lomwelo, kapena chindoko, chimene nachonso chimathothola tsitsi mwa apo ndi apo ndipo chimachizika. Akulu anu mupite nawo, ndipo ngati muli ndi ana aakazi, paliwombo pawo muzipayang'ana.

FUNSO: Ine ndi bambo wa zaka 31. Ndimameta mpala sabata iliyonse. Kunkhongo kwatuluka tiziphuphu tolimba, tikamametedwa timatuluka magazi, ndipo pamenepo tsitsi lasiya kumera. Ometa akuti ndizipaka spiriti. Joe, Area 25.

YANKHO: A Joe, spiriti imangowawitsa. Tiziphuphu timeneto timayamba pamene tsitsi lopota lametedwa pafupi kwambiri ndi khungu, timatumba n'kutupa, ndipo kolala ya shati kapena chipewa zikamakhula pamenepo zimawonjezera. Mukapitiriza kumetapo, timalumikizana n'kukhala chotupa chimodzi cholimba chopanda tsitsi, chimene kuchichotsa kwake ndi opaleshoni. Siyani mpala ndi lezala kunkhongo, muwauze ometa aike kachipeso ka nambala 1 kapena 2 pamakina, ndipo asadule mzere kumbuyoko. Musafinye, musakande. Pitani kuchipatala tikadali tating'ono, chifukwa pamenepo mankhwala opaka, mapiritsi kapena jakisoni amatha kutiphwetsa. Popeza pakutuluka magazi, gulani makina anuanu muzipita nawo kometetsa, chifukwa makina a aliyense akhoza kupatsirana zipere ngakhalenso matenda oyenda m'magazi monga hepatitis B.